Mutu umatani tikamawerenga mawu ataliatali a Chichewa? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo ndi achinyamata a kuno ku Harare amandifunsa kawirikawiri, makamaka a ku Highfield, Mbare ndi Mufakose, kumene ndimathandiza ana kuwerenga Chichewa Loweruka masana. Ana athu ambiri Chichewa amachimva kwa agogo awo ndi m'nyimbo za kutchalitchi, koma kusukulu amawerenga Chishona ndi Chingerezi. Akapatsidwa Buku Lopatulika kapena uthenga wochokera kumudzi ku Dedza, amakakamira pa liwu limodzi lalitali, ndiye kholo limayamba kuda nkhawa kuti mwina mwanayo ndi wogona m'mutu. Si choncho ayi. Pali ntchito yaikulu imene mutu umagwira pa liwu lililonse, ndipo akatswiri aifufuza kwa zaka zambiri.

Kodi mawu osinthasintha ndi ati?

Ndi mawu amene tsinde lake silisintha koma amavala mphatikiri zosiyanasiyana malinga ndi amene akuchita, nthawi imene akuchitira, ndi amene akuchitiridwa. Tengani liwu lakuti sindidzakutumiziraninso. Lili ndi zilembo 23, koma mkati mwake muli zidutswa 9: si-, ndi-, dza-, ku-, tumiz-, ir-, a-, ni-, nso. Chilichonse chili ndi ntchito yake. Si- akukana, ndi- ndi mwininkhani, dza- akuloza m'tsogolo, ku- pamodzi ndi ni- akusonyeza kuti wolankhulidwayo ndi wolemekezeka kapena ndi anthu angapo, ir- akuti chinthucho chikuchitidwira wina, nso akuti zinachitikapo kale. Liwu limodzi, koma ndi chiganizo chathunthu. Mayina nawonso amasintha, ngakhale pang'ono: mwana ndi ana, chitseko ndi zitseko, kamwana ndi tiana.

Mutu umasunga liwu lililonse palokha, kapena umaliduladula?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndichedwapo pang'ono.

Tiyambe ndi masamu apafupi. Tengani tsinde limodzi, -gula. Kumayambiriro kwake kungabwere mgwirizanitsi wa mwininkhani: ndi-, u-, a-, ti-, mu-, chi-, zi-, i-, li-, ka-. Amenewo ndi 10, ndipo sindinathe onse. Mphatikiri za nthawi tingotengako 10, za pamtherankhani (amene akuchitiridwa ntchitoyo) 10, kenako kuvomera ndi kukana. Mukachulukitsa mupeza mawu 2,000 ochokera pa tsinde limodzi, tisanakhudze n'komwe misintho monga gulira, gulitsa, gulidwa ndi gulana. Aneni m'Chichewa alipo masauzande. Palibe munthu anamvapo mawu onsewo, komabe mukakumana ndi lina limene simunalionepo chibadwire, monga akanatigulitsirabe, mumalimva nthawi yomweyo. Ichi chokha chikusonyeza kuti mutu umatha kuduladula.

Mu 1975, Marcus Taft ndi Kenneth Forster ku Australia anayesa nkhaniyi pa owerenga Chingerezi. Ankawaonetsa zilembo n'kuwauza kuti anene msanga ngati ndi liwu lenileni kapena ayi. Anthu ankachedwa kukana chidutswa chakuti juvenate, chimene ndi tsinde la rejuvenate, kusiyana ndi chidutswa chakuti pertoire, chimene changodulidwa ku repertoire koma si tsinde ayi. Ofufuzawo anati owerenga amayamba wachotsa mphatikiri kenako n'kufunafuna tsinde m'mutu.

Ena sanavomereze. Mu 1986, David Rumelhart ndi James McClelland anaphunzitsa kompyuta nthawi yakale ya aneni a Chingerezi poipatsa zitsanzo zambirimbiri popanda kuiuza lamulo lililonse, ndipo anati mwina munthu nayenso amangozolowera kufanana kwa mawu. Steven Pinker ndi Alan Prince anawayankha mu 1988, ndipo Pinker anapitiriza kunena kuti njira zilipo ziwiri: mawu otsata lamulo timawamanga, mawu osatsata lamulo timawaloweza.

Ine ndimaona kuti njira zonse ziwiri zimagwira ntchito limodzi, ndipo chimene chimasankha ndi kuzolowera. Zili ngati mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika: mtengo wa milu iwiri kapena itatu sawerengetsa, uli kale pakamwa, koma wina akagula milu 17 amaima kaye n'kuwerengetsa. Mawu ngati ndikufuna, zikomo, sindikudziwa ndi tapita timawaona tsiku ndi tsiku, ndipo amalowa athunthu. Akanatigulitsirabe ayenera kuwerengetsedwa. Ku Finland, kumene dzina limodzi limavala mphatikiri za mitundu 15, ofufuza anapeza zomwezi: dzina lovala mphatikiri limatenga nthawi yotalikirapo kulizindikira kusiyana ndi dzina losavala kanthu la utali womwewo, kupatula mawu amene amapezeka pafupipafupi kwambiri.

Zinthu zochitika m'mutu amaziyesa bwanji, poti sizioneka?

Njira ina ndi yochenjera ndithu. Munthu amakhala pa kompyuta, ndipo liwu lina limathwanima kwa nthawi yosapitirira mamilisekondi 50, mofulumira moti iye sadziwa n'komwe kuti waona kanthu. Kenako pamabwera liwu lachiwiri loti aweruze. Ngati loyamba lija lili ndi tsinde lomwelo, munthu amayankha msanga. Mu 2004, Kathleen Rastle ndi anzake ku England anapeza chinthu chodabwitsa: liwu lakuti corner limafulumizitsa kuzindikira corn, ngakhale matanthauzo awo sakhudzana. Mutu umaona -er n'kudula basi, usanafunse ngati kudulako kuli ndi nzeru.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti zimenezi zinayesedwanso pa chilankhulo chachibale ndi chathu. Mu 2020, Laura Anna Ciaccio, Naledi Kgolo ndi Harald Clahsen anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa Chitswana, ndipo anapeza kuti owerenga amachotsa mphatikiri za kumayambiriro kwa mawu pa kamphindi koyambirira komweko.

Ifenso umboni tili nawo pakhomo. Chipatala ndi liwu lobwereka, ndipo chi- wakeyo sanali mphatikiri. Koma makolo athu atalimva analidula, nalipatsa zambiri zake: zipatala. Ndipo mukaona liwu lakuti kamera lili lokha, mungaliwerenge ngati chojambulira zithunzi kapena ngati kambewu kamene katuluka m'nthaka. Mawu oyandikana nalo ndiwo amathetsa mlandu.

Mwana amayamba liti kudziwa malamulo amenewa? Kusukulu?

Ayi, asanalowe n'komwe m'kalasi. Mu 1958, Jean Berko ku America anaonetsa ana a zaka zapakati pa 4 ndi 7 chithunzi cha kanyama kopeka, n'kuwauza kuti dzina lake ndi wug. Atawaonetsa tiwiri, anawo anati wugs. Liwulo anali asanalimvepo, ndiye sakanaliloweza. Anatsata lamulo.

Yesani nokha madzulo ano. Uzani mwana wodziwa Chichewa kuti pali ntchito ina yotchedwa kuzofa, ndipo mum'funse kuti anganene bwanji pofuna kuti wina am'chitire ntchitoyo. Ayankha kuti ndizofere, osati ndizofire. Palibe anam'phunzitsa kuti tsinde lokhala ndi o kapena e limatenga -er-, pamene lokhala ndi a, i kapena u limatenga -ir-. Timachita zomwezo ndi mawu atsopano: nditchajireniko foni, nditayipireniko kalata, koma ndikopereniko nyimbo.

Mukamva mwana akuti madiso m'malo mwa maso, kapena madzino m'malo mwa mano, musam'seke. Wagwira lamulo la ma-, kungoti sanaloweze mawu ochepa aja amene amapatuka, monga diso, dzino, dzira ndi tsamba. Muzingobwereza liwu lolondola poyankha, adzaligwira.

Nanga maso amayenda bwanji pa liwu lalitali?

Timaganiza kuti maso amatsetsereka pa mzere, koma amadumpha. Dokotala wa maso wa ku Paris, Émile Javal, analemba za kudumphaku cha m'ma 1870. Maso amaima pafupifupi kota ya sekondi, n'kudumpha, n'kuimanso, ndipo timawerenga pa kuimapo pokha. George McConkie ndi Keith Rayner, amene anayamba kuyeza zimenezi ndi kompyuta mu 1975, anapeza kuti wowerenga Chingerezi amatolako kanthu pa zilembo 3 kapena 4 kumanzere kwa pamene waima, ndi 14 kapena 15 kumanja. Zilembo zimene amaziona bwinobwino ndi zochepa kuposa pamenepo.

Tsono liwu la zilembo 20 silingalowe pa kuima kumodzi. Maso amaima kawiri kapena katatu pa liwu lomwelo, ndipo mutu uyenera kusunga za kumayambiriro mpaka ufike kumapeto. Komanso maso akatera pa liwu amakonda kutera chapakati, cha kumanzere pang'ono. M'Chichewa kumayambiriro kuja ndiko kuli katundu wolemera. Taonani mawu atatu awa: anafika, sanafike, asanafike. Kusiyana kwake ndi zilembo zochepa chabe, koma loyamba likuti munthu ali pano, lachiwiri likuti kulibe, lachitatu likungotsegulira nkhani ina. Ndaonapo mtsikana wina akuwerenga uthenga wa malume ake wonena za ndalama, chala chili pa galasi la foni. Anawerenga kuti "zinafika", nkhope n'kuwala, kenako anaona e wa kumapeto, chala chinabwerera m'mbuyo, n'kupeza si- amene anam'dumpha. Kubwerera m'mbuyo kotereku si kulephera. Owerenga aluso nawonso amatero.

Ndiye kuti Chichewa n'chovuta kuwerenga kuposa Chingerezi?

Ayi, kuvuta kwake kuli pena. Kalembedwe kathu n'kokhulupirika: chilembo chimamveka chimodzimodzi pafupifupi paliponse, ndipo mwana akadziwa maphatikizo amatha kutchula liwu lililonse. Chingerezi sichitero. Ife vuto lathu ndi utali wa mawu, ndipo utaliwo unachokera pa chisankho cha olemba. Chitswana chimalemba motalikitsa zidutswa: ke a go rata. Chizulu chimalumikiza: ngiyakuthanda. Chishona, kutsatira lipoti la Clement Doke la 1931, chimalumikizanso: ndinokuda. Chichewa chili mbali yomweyo: ndimakukonda. Ofufuza a ku South Africa atayeza maso a owerenga Chizulu ndi Chingerezi anapeza kuti pa Chizulu maso amaima motalikirapo ndiponso amabwereza kuima pa liwu limodzi.

Pachifukwa ichi ndimakana mwamphamvu zoyeza mwana powerenga mawu amene wawerenga pa mphindi imodzi kenako n'kumuyerekeza ndi mnzake wowerenga Chingerezi. Liwu lathu limodzi lingasenze zimene Chingerezi chimanena m'mawu 6 kapena 7. Muyeso wotero umam'namizira mwana.

Bwanji nthawi zina ndimawerenga liwu molondola koma n'kumva zina?

Chifukwa pepala silisonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Ndimagulitsa, mukakweza pa ndi- woyamba, ndi ntchito ya masiku onse. Mukakweza pa gu-, mukunena zimene munkachita posachedwapa. Zilembo n'zomwezo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwanso mofanana. Al Mtenje ndi Sam Mchombo, akatswiri a ku Malawi, alemba zambiri pa kamvekedwe ndi kamangidwe ka aneni athu, ndipo Laura Downing ndi Mtenje anatulutsa buku lathunthu la kamvekedwe ka Chichewa mu 2017.

Wobadwa nacho chilankhulo amamva liwulo m'mutu akamawerenga, ndipo amasankha kamvekedwe potengera mawu ozungulira, monga dzulo kapena tsiku lililonse. Akasankha molakwa amazindikira patsogolo n'kubwerera. Mwana wokulira ku Dzivarasekwa amene samva Chichewa kawirikawiri alibe thandizo limeneli, n'chifukwa chake kuwerenga mokweza pamodzi ndi wamkulu kumam'pindulira kwambiri kuposa kuwerenga chamumtima yekha.

Kodi Chishona chikusokoneza mwana wanga?

Chikum'thandiza kwambiri kuposa mmene chikum'sokonezera, ndipo ndikufuna makolo amve bwino pamenepa. Mwana wowerenga Chishona anazolowera kale mawu olumikiza, amadziwa kufunafuna tsinde pakati pa liwu, ndipo misintho yambiri ndi yapachibale: kubikira ndi kuphikira, kutengesa ndi kugulitsa, kuonana konsekonse. Ngakhale lamulo lija la -ir- ndi -er- liliko.

Misampha ilipo ingapo, ndipo ili m'mphatikiri za nthawi. Akadya m'Chishona kawirikawiri amanena zimene zinachitika kale. M'Chichewa akadya akudikira mawu ena: akadya, agona. Mwana amawerenga liwulo n'kuganiza kuti chiganizo chatha, kenako amadabwa ndi zotsatira. Anadya wathu amafanana ndi anodya wa Chishona, koma wina ndi wakale, wina ndi wa masiku onse. Munthu wa zilankhulo ziwiri sathimitsa chimodzi akamawerenga chinacho, zonse zimakhala maso, ndipo chimene amachigwiritsa ntchito kwambiri chimayamba kuyankha. Mukam'sonyeza misampha imeneyi poyera, awiriawiri, amaigwira msanga.

Musachite manyazi ndi Chichewa m'dziko lino. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa chili pa mndandandawo. National FM imaulutsanso mapulogalamu m'chilankhulo chathu.

Ndikaona chiganizo cholakwika, ngati "chimanga apsa", ndimamva ngati ndapunthwa. Chimachitika n'chiyani?

Mutu sudikira kuti liwu lithe, umalosera. Mukawerenga chimanga, umakonzekera kale chi- kapena cha- pa mneni. Ofufuza amayeza zimenezi poika timawaya pamutu. Mu 1980, Marta Kutas ndi Steven Hillyard anapeza kuti liwu losagwirizana ndi tanthauzo la chiganizo limadzutsa chizindikiro cha magetsi a mu ubongo patatha mamilisekondi pafupifupi 400, ndipo chizindikirocho chimatchedwa N400. Mu 1992, Lee Osterhout ndi Phillip Holcomb anafotokoza china, P600, chimene chimabwera kamangidwe ka chiganizo kakasokonekera. Mgwirizanitsi wolakwika ndi cholakwa cha mtundu wachiwiriwu. Agwirizanitsi athu amene ana amadandaula nawo ndi omwewo amene amafulumizitsa wowerenga wozolowera, chifukwa amamuuza za kutsogolo asanafikeko.

Kodi kulemba mwachidule pa WhatsApp kumaononga kuwerenga?

Bwnj ndi zkm sizindidetsa nkhawa, ndi mawu amene tonse timawadziwa athunthu. Chimene ndimapempha achinyamata n'chakuti asadule aneni. Apita ndi apite zimasiyana pa chilembo chomaliza chokha, lina likuuza, lina likulamula. Mukachichotsa mwasiyira wowerenga ntchito yolota.

Agogo anadwala sitiroko, ndipo tsopano amasokoneza mawu powerenga ndi polankhula. N'zogwirizana ndi zimenezi?

Zikhoza kugwirizana. Kuyambira pamene Paul Broca anafotokoza za wodwala wake ku Paris mu 1861, zadziwika kuti kuvulala kwa mbali ya kumanzere ya ubongo kumatha kuononga chilankhulo. Odwala ena amasunga matsinde a mawu koma amavutika ndi mphatikiri. M'Chingerezi amangozisiya. M'zilankhulo zimene tsinde silingaime lokha, kawirikawiri amaika mphatikiri ina m'malo mwa yoyenera. Kafukufuku wa odwala olankhula Chiswahili ndi Chingerezi ku Kenya anasonyeza kuti nthawi yakale ndiyo inkawavuta kuposa nthawi zina.

Nzeru za agogo zilipo, chimene chavulala ndi njira yomangira mawu. Lankhulani nawo mwaulemu monga kale, m'ziganizo zazifupi, muwapatse nthawi, ndipo musawamalizire mawu asanapemphe. Funsani kuchipatala za katswiri wothandiza kulankhula, ndipo mumuuze kuti chilankhulo chawo choyamba ndi Chichewa.

Ndingam'thandize bwanji mwana kunyumba?

Choyamba, azimva Chichewa chambiri. Mutu sungadule bwino liwu limene zidutswa zake sunazimvepo. Nthano za agogo, nyimbo za kumpingo, kucheza pa foni ndi achibale a ku Ntcheu kapena ku Chipata, zonsezi ndi maphunziro a kuwerenga ngakhale palibe buku.

Chachiwiri, akakakamira pa liwu lalitali musamuuze kuti atchule chilembo chimodzichimodzi, chifukwa akafika kumapeto amakhala ataiwala kumayambiriro. Ine ndimalemba liwulo pa pepala ndi zilembo zazikulu, n'kuphimba mbali zonse ziwiri ndi zala kuti patsale tsinde lokha. Pa tikadzawaphikira ndimasiya phik. Mwana amati, "Kuphika!" Ndiye ndimasuntha chala pang'onopang'ono n'kumafunsa: akuphika ndani? Liti? Akuphikira yani? Ana ena amakonda kudula mapepala, chidutswa chilichonse pa kapepala kake, n'kumasinthanitsa ndi- ndi mu-, na- ndi dza-, kuti aone liwu likusandulika m'manja mwawo. Mayina a galamala monga mwininkhani ndi pamtherankhani angabwere pambuyo, kapena osabwera n'komwe.

Chachitatu, abwereze nkhani yomweyo kangapo. Makolo ena amaona ngati n'kutaya nthawi, koma kubwereza ndiko kumasamutsa liwu kuchoka pa mawu owerengetsa kupita pa mawu odziwika athunthu.

Za mabuku, yambani ndi zimene mwanayo amazidziwa kale ndi khutu, monga nyimbo imene amaiyimba. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, lili ndi kalembedwe ndi mawu ena akale amene amalemera kwa woyamba kumene. Buku Loyera la 1998 lili ndi Chichewa chapafupi ndi cha masiku ano. Wachibale akamabwera pa basi kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, m'tumeni mabuku a Chichewa a Sitandade 1 mpaka 4, ngakhale mwanayo ali wamkulu kuposa makalasi amenewo, ndi mtanthauziramawu mmodzi wa banja lonse. Mum'sonyeze kuti mneni samufunafuna pa chilembo choyamba cha liwu limene waliona m'nkhani: ayambe wachotsa mphatikiri za mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani, ndipo chotsalacho ndicho akachifune m'bukumo.